Anati Andiwotcha

Padoko la Chiromo amayi awiri osadziwana adakhala pansi pa mtengo kudikira bwato. Wamng'onoyo ankadzikupiza ndi buku la kuchipatala, ndipo wamkuluyo ndiye adayamba kufunsa.

"Mwachokera kuchipatala, achemwali?"

"Eya, ku Blantyre. Ndinali ndi kachilonda pakhomo la chiberekero, kamatulutsa magazi tikakhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba. Akawotcha ndi makina a leza."

"Kuwotcha! Ndiye mukuyenda nokha chonchi?"

"Si moto ayi, amayi. Ndi kakuwala chabe, amangolozetsa pachilondapo. M'mimba munangopota ngati ndili kumwezi, basi."

"Nanga kubereka?"

"Akuti ndibereka bwinobwino. Angoti tiyambe tapirira mpaka papole."

"Mayo ine! Inenso anandipeza nako, chaka cha madzi osefukira chija. Anamwino atangoti akanditumiza kukawotcha, m'maso mwanga munabwera mapesi a thonje akunyeka kumunda. Ndinapempha kuti ndikataye madzi, ulendo wothawira kwathu ku Tengani unali womwewo."

"Osafunsa kuti awotcha bwanji?"

"Ndikanafunsa chiyani? Kwathu chowotchedwa sichiphukanso. Magazi aja sanasiye, mpaka amuna anga, bambo Lorenso, anayamba kunena kuti ndatenga matenda kwa amuna ena. Anakakwatira ku Ndamera."

"Pepani, amayi. Komatu mukhoza kupitabe."

"Ndipita, koma ndachedwa. Ndinkathawitsa chiberekero kuti ndiwaberekere mwana. Lero mwanayo akukwawa, koma pakhomo pa mkazi wina."