Ntchito Imene Bambo Pyo Gwang-sik Anaipeza Atamwalira

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1966 ku Dogye, m'nyumba za anthu okumba malasha. Dzina lawo ndi Bambo Pyo Gwang-sik, oyamba mwa ana aamuna awiri. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana wawo, Se-rin. Pa nsalu za nkhata zamaluwa zimene zandanda pakhomo paja mwawerenga kuti malemu anali mlangizi wamkulu pa kampani ya ang'ono awo, Bambo Gwang-tae. Bambo aang'onowo anandipempha kuti nanenso ndinene chomwecho, ndipo anandikumbutsa mokoma mtima kuti Lolemba ndikuyamba ntchito mu ofesi yawo. Ndinamva zonse ziwiri.

Malemu anaphunzira pulayimale ndi sekondale ku Dogye komweko. Mu 1985 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Chuncheon kukaphunzira za miyala ndi nthaka. Agogo sakanatha kuphunzitsa ana awiri, choncho a Gwang-tae anasiya sukulu n'kukayamba kusenza mabokosi a nsomba padoko la Mukho. Nkhani imeneyi m'banja mwathu sinaiwalikepo. Inkafotokozedwa chaka ndi chaka pa chikondwerero cha zokolola, malemu ali pomwepo akudya.

Atachoka ku usilikali umene mnyamata aliyense amayenera kulowa, anamaliza maphunziro mu 1992, ndipo analembedwa ntchito yoyeza miyala pa mgodi wina. Mu 1994 anakwatira Mayi Ok Mi-ran. Mu 1997 mgodiwo unatsekedwa, monga inali kutsekedwera migodi yambiri. Malemu anadikira zaka zisanu kuti mwina ntchito ya miyala ipezekanso. Ine ndinabadwa mkati mwa kudikirako, mu 2000.

Mu 2002 anavomera kuti afune ntchito ina iliyonse. Anafunsira ntchito ku inshuwalansi, kumalo ogulitsa zomangira nyumba, ndi kosungira katundu. Kulikonse akanayamba ngati wophunzira ntchito, ndipo kulikonse wowayang'anira akanakhala wamng'ono kwa iwo. Bwana wina anawafotokozera bwinobwino vutolo. Anati ntchito si yovuta, chovuta n'chakuti anthu akaweruka amapita kukamwa, ndipo wamng'ono amathirira wamkulu mowa ndi manja awiri, n'kutembenukira kumbali pomwa wake. Tsono pakati pa wantchito wamkulu msinkhu ndi bwana wake wachinyamata, athirire mnzake ndani? Malemu anati iwo angadzithirire okha, sawerengera. Bwanayo anati iyeyo amawerengera. Malemu anadetsa tsitsi lawo ndi mankhwala, anasiyanso kutchula za digiri, koma chaka chobadwa sichidetsedwa.

Mu 2005 anapita kwa ang'ono awo, amene tsopano anali ndi kampani yowumitsa nsomba ndi magalimoto ake. Anapempha ntchito iliyonse, ngakhale yopakira. Bambo aang'ono anakana chifukwa cha ulemu. Anati mng'ono satuma mkulu wake, makolo angakhumudwe. Mwambowo sunanene kanthu za alamu, choncho mayi anga analembedwa ntchito yotumbula nsomba pa kampani yomweyo, ndipo akugwirabe. Pa mwambo wokumbukira makolo malemu ankaimabe kutsogolo ngati wamkulu wa banja. Mwambo ukatha, achibale ankawatcha Pulofesa wa Miyala, ndipo azakhali ena ankakonda kufunsa mayi ngati miyala imafewa ikawiritsidwa.

Kuyambira 2006 malemu ankayendetsa magalimoto a anthu oledzera kuwaperekeza kwawo. Mu 2014 anakhala mlonda pa nyumba zosanja za kuno ku Donghae, kulandira katundu wa anthu ndi kusankhula zinyalala. Kumeneko zaka zawo sizinavute aliyense, poti mlonda palibe amamwa naye.

Mu Novembala 2023 anayamba kumva kupweteka m'mimba, koma anabisa poopa kuti sawawonjezera nthawi ya ntchito. Mu Febuluwale chaka chino madokotala anapeza khansa, ndipo nthawi ya ntchitoyo sinawonjezedwedi. Mwezi womwewo ine ndinamaliza digiri ya Chijeremani, chilankhulo chimene kuno sindinapezebe wolankhula naye. Ali m'chipatala, malemu anandilangiza kuti ndisadikire monga iwo, ndigwire ntchito iliyonse ndisanapitirire mabwana msinkhu. Ndi iwo amene anaimbira ang'ono awo kundipemphera malo. Anamwalira pa 2 Juni 2024, ali ndi zaka 58. Sanakhalepo mlangizi wa kampani iliyonse.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Ok Mi-ran, ang'ono awo, Bambo Gwang-tae ndi banja lawo, komanso mwana mmodzi, ine.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira. Tikuthokoza alonda anzawo amene asinthana maola kuti afike, ndipo akhala kumbuyo uko pafupi ndi pamene tavulira nsapato. Tikuthokoza anzawo a bizinesi a bambo aang'ono, amene mwabwera ochuluka kudzagwadira munthu amene simunamuonepo. Tikuthokoza kwambiri bambo aang'ono polipira chipinda chino ndi chakudya, komanso powalemba ntchito malemu dzana pa nsalu za nkhata zija, pamene sangatumidwenso. Taona ndi maso athu akuwathirira mowa ndi manja awiri patsogolo pa chithunzi cha malemu, ndipo palibe chavuta.

Bambo, pepani kuti langizo lanu lomaliza sindinalisunge. Ndikudziwa kuti Lolemba sindipita kulikonse. Ngati alipo pakati panu amene akufuna wantchito, mundipeza pakhomo potuluka. Ndili ndi zaka 24, sindinapitirire bwana aliyense.

Mzimu wa Bambo Pyo Gwang-sik uuse mumtendere. Kumene apitako akalandiridwe osafunsidwa chaka chobadwa.