Banku Yopanda Miyendo

Chaka chimene thonje lathu lidagulidwa ngati zinyalala, ashefi a posto, mkulu wa ofesi ya boma ku Chifunde, adalengeza kuti banku ikubwera kudzatithandiza, monga ankalengezera zonse zimene sitidazione ndi maso. Armando, womasulira wawo, adathamangira ndi nkhaniyi kwa mlamu wake Teodoro, mmisiri wa matabwa amene ankapulumuka chibalo chifukwa chopalira apadiri a kutchalitchi mipando italiitali ija timaitchanso kuti mabanku potsata Apwitikizi.

"Alamu, siyani kaye thabwalo mumve," adatero Armando. "Mitengo yagwa."

"Kuti?"

"Padziko lonse. Ku Amereka, ku Ingalande, konsekonse."

Teodoro adasuzumira panja. "Mlombwa uwo uli chilili."

"Sindikunena mlombwa. Ndikunena mitengo ya thonje."

"Aa, kwawoko thonje ndi mitengo? Lathu limalekeza m'chiuno."

"Mvetserani, inu. Mitengo ikagwa chonchi, maiko osauka amavutika. Ndiye azungu akuluakulu adakhala pansi..."

"Pansi? Anthu aulemu wawo?"

"...n'kugwirizana zotitumizira banku."

"Bwanji osayamba akhalapo eni ake?" Teodoro adaika sompho pansi, nkhope itagwa. "Iyayi, ndamva tsopano. Mitengo yagwa, matabwa achuluka, apala mabanku mpaka kusowa koika, ndiye adzatayire kuno. Apadiri akalandira ya ku Lisibowa, ine ndizipala chiyani? Sipayo uja, wapolisi wa ashefi, amandiyeza kale mapewa ndi maso. Ndikupita kukaphwanya miyala, alamu. Mlongo wanu mudzamudyetsa ndinu."

"Iyi si banku yanuyo. Iyi ndi banku ya chitukuko."

"Ya mtengo wanji?"

"Ilibe mtengo."

"Yaulere? Mayo ine, ndatha."

"Si yaulere!" Armando adamenya thabwa ndi chipewa. "Pali chiwongola dzanja."

Teodoro adayang'ana chala chake chimene chidapindika ndi nyundo. "Ngakhale ichi?"

"Chiwongola dzanja ndiko kubweza zoposa zimene mwatenga."

"Ndiye likuwongokalo ndi la wolandira."

"Musandisokoneze. Bankuyi ndi yaikulu. Imanyamula maiko, osati anthu."

"Maiko? Ili ndi miyendo ingati?"

"Ilibe miyendo. Ili ndi nthambi."

"Sadaisadze n'komwe?" Teodoro adapukusa mutu. "Ntchito ya aulesi imeneyo. Ing'amba anthu nsalu."

"Palibe amene adzakhalepo!"

"Banku yopanda miyendo, yanthambi, yosakhalapo munthu. Alamu, chimenecho ndi chipika. Mudachionapo inu?"

Armando adakoka kazako yake kuti ikhale bwino, jekete ija adamupatsa ashefi itatha m'zigongono. "Ashefi adanena."

"Ashefi adachiona?"

"Adamva kwa akuluakulu a ku Tete."

"A ku Tete adachiona?"

"Ndati ikubwera, basi. Ine sindimasulira mabodza."

"Chabwino. Ikafika itani?"

"Ibwereketsa boma ndalama. Boma limanga msewu ndi milatho, thonje lizifika msanga kudoko la Bera, dziko lidzuka."

"Msewuwo akumba ndani?"

Armando adatsokomola, n'kuyamba kuchotsa utuchi pa nsapato.

"Ndafunsa, alamu. Ikumba ndi nthambi zakezo?"

"Zimenezo ashefi sadafikepo. Koma alimi nawo athandizidwa. Kuyambira Lolemba aliyense azibwera ku posto kudzanena kukula kwa munda wake, kenako adikire yankho."

"Yankho lochokera kuti?"

"Ku Lisibowa."

"Pa sitima?"

"Nanga pa bulu? Zinthu zikuluzikulu sizithamanga. Mwina miyezi, mwina zaka. Koma tsiku lililonse munthu azionekera, kuti yankho likafika limupeze."

"Mudzi wonse? Ndi a ku Mualadzi omwe?"

"Onse."

"Ali chilili?"

"Akhala pansi."

"Ngati azungu aja."

"Iyayi, dikirani." Armando adakanda m'mutu. "Ashefi safuna anthu m'fumbi pakhomo pawo. Amati pamaoneka ngati pamaliro. Tsiku lija la msonkho, anthu atakhala m'fumbi, wolakwa ndidali ine, akuti sindidamasulire bwino."

"Ndiye aimirire."

"Nkhalamba zikomoka. Wolakwa ndidzakhalanso ine."

Teodoro adatolanso sompho lake, n'kuliyesa ndi chala ngati likadali lakuthwa.

Armando adayang'ana kumsewu, adayang'ana kuseri kwa chisakasa, kenako adatsitsa mawu. "Alamu, matabwa a mlombwa alipo okwanira?"

"Alipo a apadiri."

"Apadiri ndikalankhula nawo ndine."

"Munthu wopalira ashefi, sipayo amamugwira?"

"Samugwira."

"Kwa miyezi, mwina zaka?"

"Ndanena kale. Pofika Lolemba pakhale banku pa posto paja."

"Banku yake iti? Mwandiuza nokha kuti yangayi si imeneyo."

"Ya miyendo, alamu," adatero Armando akuvala chipewa. "Inayo tiidikira titakhala."