Lupanga la Agogo, Lopangidwa Lachiwiri

Tsiku la sewero la nkhondo, pamene amuna a m'tauni mwathu amavala zisoti zamalata n'kukalandanso linga limene makolo analanda kalekale kwa Afaranji, ankhondo a mtanda ochokera ku Ulaya, Abu Thamer analowa m'bwalo la lingalo osayang'ana hatchi kapena ng'oma. Analunjika pa tebulo la Mifleh, mmisiri wa maketulo a khofi amene nyengo imeneyi amasula malupanga.

Madzulo a tsikulo Abu Hamdan ankabwera kunyumba kwa Abu Thamer kudzaona banja limene linkafunsira mwana wake wamkazi. Mtsikanayo anali atamuvomera kale Thamer, mwana wa Abu Thamer, koma bambo ake ankayezabe mabanja ngati nkhosa za pamsika, pakuti Abu Riyad wa sitolo ya mankhwala naye ankamufunira mwana wake mtsikana yemweyo. Ndiye Abu Thamer, pofuna kulemera pasikelo, anali atanena kuti pakhoma pake pali lupanga la agogo ake amene anathyola chipata cha lingali. Pakhomapo panali kalendala.

"Mtendere ukhale nawe, Mifleh."

"Nanunso, amalume. Khofi?"

Abu Thamer anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndikufuna lupanga la agogo anga."

Mifleh anasuzumira pansi pa tebulo. "Anabweretsa liti?"

"Ndani?"

"Agogo anuwo. Zodzakonzetsa ndimaika m'dengu umu. Muli maketulo ndi nyale basi."

"Agogo anga anamwalira zaka mazana ambiri zapitazo."

Mifleh anaika dzanja pachifuwa. "Mulungu awachitire chifundo. Sitinamve. Tikanabwera."

"Iwe! Tamvetsetsa. Ndikufuna undigulitse lupanga, lakale, loti munthu akaliona anene kuti ee, ili linamwa magazi."

"Lakale kwambiri ndi ili." Mifleh anatola limodzi, n'kulipukuta ndi malaya. "Lachiwiri."

"Lachiwiri la chaka chiti?"

"Lapitali. Tsiku limene magetsi anazima."

"Likunyezimira ngati supuni ya mkwatibwi! Dzimbiri lili kuti?"

"Dzimbiri ndimaika ndi mchere ndi vinyo wosasa, koma limafuna kugonera. Mubwere mawa."

"Alendo akubwera lero!"

"Ndiye muwauze kuti agogo anu anali aukhondo."

Abu Thamer anapumira m'mwamba. Analitenga lupangalo, n'kulitembenuza, n'kuyandikitsa maso pafupi ndi chogwirira.

"Zolembedwazi ndi pemphero?"

"Nambala yanga ya foni."

"Agogo anga analibe foni!"

"N'chifukwa chake sanabweretsepo lupanga kudzanoletsa."

"Fufuta."

"Sindingathe, amalume. Chogwirira chikagwedera anthu amandiimbira. Koma dzina ndingawonjezere pambali pake, laulere. Agogowo anali ndani?"

Abu Thamer anatsegula pakamwa. Panadutsa ngamila yonse, yovekedwa nsalu yofiira, iye asanatseke.

"Lemba kuti Mkango."

"Mkango mwana wa ndani?"

"Mkango basi! Kodi mkango amaufunsa bambo ake?"

"Ndikufunsa chifukwa sabata ino ndalemba a Mkango ambiri. Mwina muli pachibale ndi adokotala a mano. Nawonso agogo awo anathyola chipata."

"Chipata chake chiti?"

"Chomwechi. N'chimodzi."

"Abodza amenewo! Makolo awo ankagulitsa anyezi." Abu Thamer analiponya patebulo. "Ndipo ili n'lalifupi, lodulira chivwende. Ndipatse lopindika, looneka ngati mwezi watsopano."

"Opindika atha."

"Onse?"

"Ndi a ana omwe. Lomaliza atenga a kuofesi ya madzi."

Apo m'pamene Abu Thamer anaona lina litatsamira khoma kuseri kwa mmisiriyo, lalitali, lowongoka, chogwirira chake chopingasa ngati mtanda. Anatambasula dzanja yekha n'kulinyamula. Seweroli anali asanalionerepo chibadwire, ankati ndi chibwana cha amuna osowa ntchito, choncho chimene anaona ndi kutalika kokha.

"Eyaa. Ili ndiye la agogo anga."

"Ndi limenelo mufa pemphero la madzulo la kumzikiti likatha," anatero Mifleh, akuthira khofi m'kapu.

"Wati bwanji?"

"Mufa. Pafupi ndi chitsime paja."

Abu Thamer anatsitsa lupanga pang'onopang'ono. "Akundipha ndani?"

"Abu Hamdan."

"Abu Hamdan uti?"

"Alipo mmodzi. Wa magalimoto a simenti."

"Yemwe ndamuphera nkhosa kunyumba? Mpunga uli pamoto chifukwa cha iyeyo!"

"Adzadya bwino. Akatha kupha amamva njala."

"Wakuuza yekha zimenezi?"

"Anabwera m'mawa kudzafunsa ngati munthu wapezeka. Akuti akufuna wathupi, woti akagwa ndi okhala kumbuyo omwe amve."

Abu Thamer anakokera mimba m'kati. Sinapite patali.

"Apolisi akudziwa?"

"Ndi amene amagwira chingwe kuti anthu asayandikire kwambiri."

"Nanga akazi ake, Umm Hamdan, munthu wopemphera uja?"

"Amajambula pafoni."

"Mulungu wanga! Ndamulakwira chiyani? Ngati sakufuna mwana wanga anene, khofi wake timusiyira osamwa monga mwa mwambo, tizipita. Kupha munthu chifukwa chofunsira mbeta?"

"Simunalakwe kanthu, amalume. Mwangotenga lupanga lowongoka. Chaka chatha anali mphunzitsi wa masamu."

"Mphunzitsi uja ndamuona dzulo akugula tomato!"

"Ee, anadzuka. Onse amadzuka ng'oma ikalira. Koma akuti chaka chino safanso, bondo likuvuta."

Abu Thamer anakhala pa mpando wa Mifleh osapemphedwa. Anamwa khofi wa Mifleh yemwe.

"Ukunena za sewero."

"Nanga mumayesa ndikunena za chiyani?"

"Bwanji osanena poyamba, mwana wa ketulo iwe?"

"Simunafunse. Lowongoka ndi la Afaranji, lopindika ndi la asilikali a sultani. Abu Hamdan ndiye kazembe wa sultani, amalowa pa hatchi yoyera. Vuto n'lakuti chaka chino tauni yonse ikufuna kupambana. Asilikali achuluka moti ena aimirira kunja kwa linga, akusowa polowera. Afaranji analipo awiri. Mmodzi ndi mphunzitsi uja, winayo mkazi wake wamuletsa, akuti ana akusekedwa kusukulu."

"Izo n'zawo. Ine ndikulipira, ndikunyamula, ndikupita kwathu."

"Mudutsira pati?"

"Pachipata."

"Pali anthu a komiti. Aliyense wogwira lupanga lowongoka akumuveka mkanjo woyera ndi chisoti cha ndowa, osamufunsa dzina. M'mawa agwira mlendo wina wa kamera, wapulumuka chifukwa basi yake imanyamuka."

"Ndilibisa mumkanjo mwanga."

"Lalitali kuposa mwendo wanu. Mudzayenda ngati mwameza mtengo wa tenti."

"Ulibweretse kunyumba iweyo."

"Ndikaligwira ine, wofa ndine. Ndili ndi maketulo a anthu."

Abu Thamer analiyang'ana lupangalo nthawi yaitali.

"Pinda."

"Amalume?"

"Lipinde! Si lamalata? Likhale ngati mwezi."

Mifleh anagwedeza mapewa, anaika bondo pakati pa lupanga, n'kukoka. Linalira ngati chitseko cha khola. Analikweza m'mwamba, onse awiri n'kuliyang'ana. Linali lopindikadi, koma mtanda unali pomwepo.

"Tsopano ndi la ndani?" anafunsa Abu Thamer.

"La Mfaranji amene ngamila inamukhalira."

"Dula mtandawo."

"Ndikadula, chogwirira chigwa. Mutsala ndi chikwakwa."

"Chikwakwa chomwecho! Ndidzati agogo ankamenya nkhondo m'mawa, masana n'kumweta tirigu."

"Mukhoza. Koma Abu Hamdan akadzaliona adzati mundipatsire moni Mifleh."

"Adziwa bwanji?"

"Lake la pakhoma lija ndinapanga ndine."

Abu Thamer anaimirira. "Lija la m'galasi? Limene sultani anapatsa agogo ake ndi dzanja lake?"

"Lomwelo. Linagonera mumchere sabata yathunthu, iyeyo sathamanga. Nambala ili kumbuyo. N'chifukwa chake salola munthu kulitembenuza."

Abu Thamer anaseka. Anaseka mpaka mpango wa kumutu unapendekeka, asilikali a sultani odutsa n'kucheuka. Kenaka kuseka kunatha kokha, chifukwa anakumbukira kuti lupanga labodza la Abu Hamdan lili pakhoma, pomwe lake labodza silingatuluke n'pachipata pomwe.

"Ndiye ndimuonetsa chiyani munthuyu madzulo ano?"

"Mwina sabwera n'komwe."

"Chifukwa?"

"Manyazi. Bwanamkubwa wabwera kudzaonera, wakhala kale pamthunzi apo. Abu Hamdan alowa pa hatchi, lupanga m'mwamba, akufuula, n'kupeza m'linga mulibe mdani. Azungulira chitsime, n'kutuluka. M'mawa misozi inali pafupi. Anagwira ndevu zake zapamlomo apa pomwe mwaimapa, n'kulumbira kuti mwamuna amene agwe pamaso pake lero, chimene adzapemphe sadzamukaniza."

"Analumbira pa ndevu?"

"Ndi dzanja lamanja."

"Chilichonse?"

"Anati kupatula magalimoto."

Abu Thamer anawongola mpango wake, n'kutukula chibwano.

"Ayi. Ine? Kuvala ndowa kumutu, kugubuduka m'fumbi tauni yonse ikuona, akazi akuimba nthungululu? Ndinagwira ntchito ya kasitomu pamalire mpaka kupuma, palibe anandionapo nditagwa. Ngakhale tsiku limene ndinaterereka pa mafuta ndinauza anthu kuti ndikuyang'ana pansi pa lole."

"Simugubuduka kwambiri. Amakubayani m'khwapa, inu mufinye lupanga ndi mkono, munene mawu achifaranji, mugwe."

"Mawu achifaranji ati?"

"Alionse. Mphunzitsi ankatchula mayina a mankhwala a chifuwa."

"Sindikufa! Wamva? Mdzukulu wa Mkango safera pachitsime ngati bulu. Afe wina."

"Chabwino."

"Ndati afe wina!"

"Ndamva, amalume. Wina alipo kale."

Abu Thamer anali atatembenuka kuti azipita. Anaima.

"Wanena kuti Afaranji atha."

"Awiri aja atha. Uyu ndi watsopano, wabwera masana kudzayesa chisoti. Lupanga mwapinditsali linali lake, anati alitenga ng'oma ikayamba."

"Ndani?"

"Abu Riyad."

"Wa mankhwala?"

"Yemweyo. Ali kuseri kwa makola a mahatchi, wayala matiresi, akuyeserera kugwa."

"Abu Riyad wamva za lumbiro lija?"

"Anali pano akugula ketulo."

"Ndiye iwe wakhala ukundilankhulitsa za dzimbiri nthawi yonseyi?"

"Munafunsa za dzimbiri."

"Munthu woonda ngati singano uja! Akagwa amva ndani? Mphepo ingomunyamula n'kukamusiya kwa bwanamkubwa!"

"Akuti akuwa kwambiri. Ndipo mayina a mankhwala amawadziwa onse."

Kumtunda kwa linga ng'oma inagunda. Hatchi inalira, khamu la asilikali linayamba kukankhana pachipata, aliyense akufuna kulowa poyamba. Abu Thamer anaona m'maganizo mwake Abu Riyad atagona pachitsime, akudzuka, akusasa fumbi, akugwira dzanja la Abu Hamdan n'kunena chimene akufuna. Anaonanso nkhope ya Thamer, ndi nkhosa yophedwa kale.

Anamukankhira Mifleh lupanga pachifuwa.

"Wongola."

"Mwandiuza kuti ndipinde."

"Tsopano ndikuti wongola!"

Mifleh anaikanso bondo. Lupanga linabwerera, koma osati njira imene linadzera. Linatuluka ngati njoka yowoloka msewu.

"Lawongoka mbali zina," anatero.

"Likwanira kufa nalo. Chisoti!"

"Chimene chilipo ndinayezera mutu wa Abu Riyad."

Abu Thamer anachilanda, anachikanikiza pamwamba pa mpango. Chinakhala pansonga pa mutu ngati chivundikiro cha ketulo.

"Ndigwere chagada kapena chafufumimba?"

"Ndi mimba imeneyo, chagada. Chafufumimba mudzagwedera, anthu adzati mukadali moyo."

"Mkanjo woyera uli kuti?"

"Kwa a komiti. Koma amalume, nanga Abu Riyad ndimuuze chiyani? Munthu wayeserera tsiku lonse, chigongono chatupa."

Abu Thamer anali atayamba kale kuthamanga, dzanja lina pachisoti, lina likukoka lupanga m'fumbi. Anacheuka kamodzi.

"Umuuze apite akagulitse mankhwala! Palibe munthu afe pamaso pa Abu Hamdan ine ndili moyo!"