Mwinimbumba Anatsala ku Nkhondo

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, ndikulonjereni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ine mumandidziwa, mtima wanga ndi wapachala. Akazi anganso mumawadziwa, anafika kuno ku Makokola pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'bere. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre adokotala anati yafalikira, opaleshoni singathandize. Kenako anati, "Pali mankhwala atsopano amene tikuyesa pa anthu ochepa. Kuchira sitikulonjeza. Tikufuna tione kaye mlingo umene thupi lingapirire. Mwina awathandiza, mwina awadwalitsa kwambiri."

Ndinamenya tebulo. Ndinati, "Akazi anga si mbuzi yoyeserapo jekeseni."

Koma chimene ndinkaopa chinali china, abale. Kuno mwamuna salamula pa moyo wa mwana wa eni. Amalamula ndi mwinimbumba. Mwinimbumba wawo, alamu anga a Saidi, anatsala kutsidya kwa malire, kumene mfuti zikulira. Ndivomere ndekha, akazi anga n'kumwalira, abale awo adzati ndinawagulitsa kwa azungu. Ndikane, wawapha ndine. Mukundimva? Wawapha ndine.

Ndinazungulira m'misasa ya othawa nkhondo kufunsa za a Saidi. Palibe anawaona. Mulungu ndinamukalipira ndili pa njinga, mokweza, anthu n'kumandicheukira.

Nditabwerera kuchipatala, akazi anga anati, "Bambo a Rute, khalani pansi. Mukufunafuna mwini wa thupi ili? Ndine. Tchire la mabomba ndinadutsa popanda achimwene. Adokotala ndawauza kale kuti ndavomera."

Ndinakhala pansi.

Mankhwala aja ndi ankhanza. Akazi anga anasanza, tsitsi linathothoka, m'kamwa munali zilonda zokhazokha, mpaka adokotala anachepetsa mlingo. Ine kupemphera kwake kunali kulira basi.

Mwezi wathawu a Saidi anatulukira, opanda nsapato. Ndinati mlandu uja wafika. Mlongo wawo anawafotokozera okha zonse. A Saidi anandigwira dzanja nati, "Alamu, mwandisungira munthu."

Akazi anga sanachire. Sindinganame pamaso pa Mulungu. Chotupa chikadalipo, za mawa adokotala sakudziwa. Koma yang'anani kumbali ya amayi uko: a duku loyerawo ndi iwo, abwera ndi miyendo yawo. Ndipo panja, pansi pa mtengo wa mango, pali Msilamu, mlamu wanga uja, amene wawaperekeza, akudikira mlongo wake.

Zikomo Ambuye. Abale, imirirani mundithandize kukondwera, ine mawu andithera.