Impso ya Mayi a Atupele

Olemekezeka Abusa Thumbiko Gondwe, eni nyumba ya mapemphero ino. Olemekezeka Mayi Mable Kachingwe, wapampando wa bungwe lathu la Amalawi muno mu Glasgow. Olemekezeka Dokotala Carol a ku chipatala cha impso, amene mwana wanga Atupele akukumasulirani chapansipansi. Amayi, abambo, ndi inu ana amene mumatiyankha m'Chingerezi, ndakupatsani moni nonse.

Ndathokoza pondiitana kudzatsegula tsiku lolembetsa opereka ziwalo. Koma mwaitana munthu wokayika, ndipo sindibisa.

Akunyumba kwanga, mayi a Atupele, ali apawa, akhala pa makina otsuka magazi zaka zisanu ndi chimodzi, katatu pa sabata, ulendo wa mabasi awiri kuchokera kwathu ku Maryhill. Pampando woyandikana nawo pankakhala John, mzungu wa ku Easterhouse, munthu wanthabwala. Anatipeza tili kale pamzere wodikira impso, koma foni yake yomuuza kuti impso yapezeka inalira patangotha zaka ziwiri. Ndinamugwira chanza ndikumwetulira, mumtima mukuwira. Ndinapita kwa adokotala omwewa nkuwafunsa kuti, "Kodi mndandanda wanuwu umayang'ana khungu?"

Anandikhazika pansi. Anati impso iyenera kugwirizana ndi magazi komanso thupi la woilandira, apo ayi thupilo limaikana, ndipo kugwirizanako kumapezeka msanga pakati pa anthu a mtundu umodzi. Anatinso malamulo anakonzedwa kuti odikira nthawi yaitali ndi ovuta kuwapezera impso aziganiziridwa. Dokotala, mawuwo ndi okoma, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chaka chamawa mubwerenso mudzatiuze akuda angati analandira ndiponso anadikira zaka zingati. Ine ndidzakhulupirira foni ikadzalira kwanga.

Koma tsiku lomwelo iwonso anandifunsa kuti, "Nanga inu, dzina lanu lilimo m'kaundula wa opereka?"

Mukukumbukira 2021, lamulo litasintha kuti aliyense ndi wopereka pokhapokha akane yekha? Pa gulu lathu la WhatsApp panafika uthenga woti azungu azititumbula tisanatsirizike, ndipo mitembo yathu izifika kumudzi ili makoko okhaokha. Ambiri munachotsa maina sabata yomweyo. Musayang'anane ayi. Amene anatumiza uthengawo ndine. Ndinautumiza nditakhala pa benchi ya chipatala, ndikudikira mayi a Atupele kuti atsike pa makina.

Ndiye ndikamati ndikukayika, ndikukayikira inunso, chifukwa ndikudzidziwa ndekha. Timatha kuwomba m'manja, kudya mandasi, kupinda fomu bwinobwino nkuiika m'Baibulo mpaka Khirisimasi. Wakufa timamuperekeza pa ndege mpaka ku Mzimba, koma wamoyo timangomuuza kuti tikukupemphererani. Ndipo ngakhale mulembetse, tsiku lanu likadzafika adokotala adzafunsa banja, malume a kumudzi nkuyankha pa foni kuti mwana wathu abwere wathunthu. Aimbireni lero, mudakali ndi pakamwa.

Matebulo olembetsera ali kumbuyoko pafupi ndi khomo, ndipo khomo lotulukira ndi limodzi lomwelo. Woyamba pamzere ndikhala ine, chifukwa kufikira lero dzina langa sindinalibwezemo. Mantha aja adakalimo, ndipo akunyumbawa zimenezi akuzimva koyamba pamodzi ndi inu.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti tsiku lathu lolembetsa latsegulidwa. Mayi a Atupele, mundikhululukire, ndipo mundibwereke cholembera chanu.

Zikomo kwambiri.