Wokanda Zimbale

Lamlungu masana banja lonse linali pakhonde likumwa tiyi, pamene mwana wamkazi wa pakhomopo anafika ndi mwamuna wofuna kumukwatira. Mwamunayo anali dijeyi wotchuka, amene m'malo ovinira ndi pawayilesi ankamutcha Chimphepo, koma bambo a mtsikanayo anali atanena kale kuti mwana wawo sapita kwa munthu wopanda ntchito yooneka ndi maso.

"Ndiye mumagwira ntchito yanji, achimwene?" anafunsa bambowo, akuuzira tiyi.

"Ndimakanda zimbale, bambo. Zaka makumi awiri tsopano."

"Zimbale? Zikuluzikulu?"

"Zotere." Anayerekeza ndi manja. "Ziwiri nthawi imodzi, china dzanja ili, china dzanja ili."

"Mwamva, mayi?" Bambowo anacheukira akazi awo. "Ziwiri nthawi imodzi. Ine kapu imodzi yomwe imandipulumuka. Nanga mumakanda ndi chiyani, mchenga kapena phulusa?"

"Ndi zala basi."

"Popanda sopo?"

"Sopo angaziwononge, bambo. Izi n'zimbale za nyimbo."

"Eetu, ntchito imakoma ndi kanyimbo. Amayi anuwanso akamatsuka amaimba chapansipansi."

Mtsikana anamuponda phazi Chimphepo kuti asiyire pomwepo, poti nkhope ya bambo ake inali itawala. Koma Chimphepo sanali munthu wolola kuti mbiri yake ithere m'beseni.

"Mundimvetse, bambo. Ine ndikayamba kukanda, anthu mazanamazana amaimirira, kukuwa, kuvina mpaka thukuta kamukamu."

"Ayenera kutero. Mwamuna wotsuka mbale saonekaoneka. Nanenso ndikanaimirira."

"Sinditsuka ayi, ndimasakaniza."

"Aa, kusakaniza ndiye musiye. Zamafuta pazokha, makapu paokha."

"Bambo, oimba ambiri amene mumawamva lero, zimbale zawo zinayamba zadutsa m'manja mwangamu. Popanda ine bwenzi ali kuti?"

"Bwenzi akudyera pamasamba, zoonadi."

Apo Chimphepo anaimirira, nakoka mpweya, n'kutsitsa mawu monga amachitira pawayilesi: "Muli ndi Chimphepo, mbale wanu wapamtima. Gwirani madenga, angauluke!"

Bambowo anaseka mpaka tiyi anatayikira pabondo. "Ameneyo ndiye ndimamudziwa, pulogalamu yake sindiiphonya. Mwayesetsa ndithu, koma mwiniwake mawu ake ndi onona. Ndi chimunthu chamimba chimenecho, chimachita kumveka."

"Ndine ndemwe, bambo."

"Ndi kakhosi kameneka?"

"Kakhosi komweka."

Bambowo anaika kapu pansi, nayankhula mofatsa ngati akunyengerera mbuzi kuti ilowe m'khola.

"Achimwene, musachite manyazi ndi ntchito yanu. Wotsuka mbale ndimupatsa mwana wanga lero lomwe. Wabodza, ngakhale khasu sindingamubwereke. Chimphepo weniweniyo ndimamukonda, inde, koma pawayilesi pomwepo. Munthu wogona masana ngati mleme, mwana wanga azikacheza ndi ndani? Tsono ndiuzeni bwinobwino, inu ndinu uti?"

Chimphepo anayang'ana mtsikana. Mtsikana anayang'ana kudenga. Zaka makumi awiri zija anazimeza pamodzi ndi tiyi wozizira.

"Ndimatsuka mbale, bambo."

"Ziwiri nthawi imodzi?"

"Zikachuluka, zitatu."

"Mayi, muthirireni tiyi wina mkamwini wathuyu."

M'mawa mwake Chimphepo anabwera kudzapereka moni, n'kupeza beseni likumudikira kuseri kwa nyumba, pambali pake mulu wa mbale wofika m'chiuno, poti amayi anali atauzako ndi oyandikana nawo nyumba. Anapinda malaya n'kuyamba. Pawindo wayilesi inali kubwereza pulogalamu yake yojambulidwa kale, bambo ali pampando, phazi likugunda pansi. Kenaka poto anamupulumuka, n'kugubuduka mwaphokoso mpaka pamwala.

"Pang'onopang'ono, mkamwini," anatero bambowo, akukweza wayilesi. "Tikumvera anzanu odziwa ntchito."