Chala Chosafiira

Mvula inagwa kuyambira m'mawa, monga mwa masiku onse mumzinda wathu wa Quibdó. Ndinalowa m'chipatala nsapato imodzi ili m'manja, ndipo anandipatsa Dokotala Restrepo, mtsikana wochokera ku Medellín amene ankaphunzira za matenda a nyamakazi.

"Don Evaristo, vuto n'chiyani?"

"Nsapato sikulowa."

"Kuno sitichiza nsapato."

"Loweruka ndikukapereka mwana wanga Yadira pa ukwati wake kutchalitchi. Sindingapite chonchi."

Anawerama, n'kuyang'ana chala changa chachikulu chakuphazi. Kenaka anatsegula chibuku chonenepa ngati njerwa ziwiri, n'kuchiyandikiza kuphaziko.

"Chatupa ndithu. Chikupweteka?"

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ndine mwamuna."

"Sindinafunse zimenezo, bambo. Ndichigwire?"

"Musayerekeze."

"Bwanji, ngati sichikupweteka?"

"N'changa."

Anapumira m'mwamba, n'kuloza chithunzi cha phazi m'bukumo. "Onani. Nyamakazi ya gauti imafiiritsa chala, psuu ngati tomato. Chanuchi sichinafiire."

"Phazi limenelo ndi la ndani?"

"Sanalembe dzina."

"Ndi mzungu?"

"Onse m'bukumu ndi azungu."

"Ndiye mpatseni iyeyo mankhwala."

"Iii, iyeyo sanabwere!" Anayatsa katochi, n'kuunika uku ndi uku. "Palibe. Mupite kunyumba, chikafiira mubwerenso."

"Adokotala, tandiyang'anani bwino."

"Ndikukuyang'anani."

"Chibadwire sindinafiirepo. Malemu mkazi wanga Nemesia anandipeza ndikuvina ndi mng'ono wake, anandilalatira mpaka oimba analeka kuimba. Sindinafiire."

"Pamenepo chala chinali chitatupa?"

"Chinatupa ndi tsaya."

"Tsaya si mbali yathu." Anatembenuza masamba. "Pano akuti wodwala gauti salola ngakhale nsalu kumukhudza. Inu mukuti simukumva kanthu. Kufiira palibe, ululu palibe. Mwina nsapatoyo ndi yaing'ono."

"Ndinakwatira nayo."

"Mwina inafota ndi mvula."

Anadzuka kuti aione nsapatoyo. Chibuku chinaterereka pamiyendo pake, n'kugwera pachala penipeni.

Zimene ndinanena sindingazilembe. Anamwino anathamanga. Kunja galu anauwa.

"Mayo ine! Pepani, Don Evaristo!" Anagwira phazi ndi manja onse. "Aaa! Chikutentha ngati chiwaya! Ndiponso chikunyezimira, chada kuposa chinzakecho. Bwanji simunanene?"

"Simunafunse bwino."

"Ndi gauti imeneyi! Ndikupatsani mankhwala, Loweruka nsapato ilowa." Maso ake anawala. "Koma dikirani. Anzanga amene tikuphunzira nawo sanaonepo gauti pakhungu lakuda. Ndiwaitane onse."

"Adzaone?"

"Adzagwire. Aliyense ndi dzanja lake."

"Awerenge buku."

"Buku?" Anachitola, n'kuchiponya pampando. "Mulibe kanthu m'menemu, bambo. Buku ndinu."

"Nanga mankhwala?"

"Akamaliza kuwerenga."

Ndinaluma chipewa changa, n'kutambasula mwendo.